Anapita Kukaphunzira Mlandu wa Banja Uli Kukhoti

Panali mayi wina, namwino, amene banja lake linkatha. Mlandu unali udakali kukhoti, ndipo ana awo awiri ankakhala ndi iye. Zili choncho, kuntchito anamusankha kuti akachite maphunziro a uzamba kutali, mwayi umene anaudikira kwa zaka zambiri.

Loya wake anati, "Mayi, kupita si mlandu. Koma tiyambe tagwirizana ndi amuna anu pamaso pa woweruza kuti ana akhala kuti, ndipo abwerera liti."

Namwinoyo anaseka. "Aloya, inu mumaona nkhondo paliponse. Munthu ujatu ndi wovuta kwa ine, osati kwa ana."

Anangoimba foni. "Bambo a ana, muwasunge mpaka ndibwere."

"Abwere, ndi anganso."

Bamboyo, yemwe anali makaniko, analibe chiwembu. Kungoti sukulu ya anawo inali kutali ndi kwake. Atatopa ndi kuwachedwetsa m'mawa uliwonse, anawasamutsira ku sukulu yoyandikana ndi galaja yake. Anaphunzira kuluka tsitsi la mwana wamkazi, ngakhale mizere yake inkakhotakhota ngati njira ya woledzera. Wamwamuna analowa timu ya mpira.

Namwino atabwerako ndi satifiketi yake, anapita kukawatenga. Anapeza bamboyo pakhomo, manja ali girisi yekhayekha.

"Mayi a ana, ndiwazulenso pakati pa teremu? Tikamve kukhoti."

Woweruza anamvetsera mbali zonse. Anati mayiyo sanalakwe kukaphunzira, ndipo ana sanawataye. Koma anawo anali atakhazikika, ndipo pangano loti adzabwerera panalibe. Analamula kuti akhalebe kwa bambo awo mpaka mlandu utatha, mayi aziwatenga kumapeto kwa sabata.

Lamlungu lina masana, mwana wamkazi analongedza yekha kachikwama kake.

"Amayi, tiperekezeni msanga. Mawa kuli mayeso, ndiye mabuku ndinawasiya kwathu."

Mayiyo anayang'ana kachipinda ka anawo, mabedi awiri ali chiyalire. Kenako anawerama nkumanga zingwe za nsapato za wamwamuna, yemwe anali wamng'ono.

Phunziro: Mlandu wa banja ukakhala kukhoti, musasiye ana ndi mawu apakamwa okha, ngakhale mnzanuyo akhale wabwino mtima. Ana sachedwa kumera mizu, ndipo khoti silikonda kuwazula. Funsani loya, gwirizanani poyera, kenako nyamukani. Nkhaniyi itumizeni kwa mayi kapena bambo amene akudutsa m'zoterezi, asanamange katundu.