Mchenga wa Apongozi

Kapitawo wa ntchito yomanga mlatho anafumbata mchenga umene lole inali itangotsitsa, kenako n'kutambasula dzanja. Mchenga wabwino umamwazika, koma uwu unangokhala chibuluma, zala zake zitadindika pomwepo. Dothi lokhalokha.

Apongozi ake, amene ankabweretsa mchengawo, anali atatsamira lole, akupukuta thukuta ndi chipewa.

"Lole yachisanu imeneyo, mwananga. Ndisaine pati?"

Mizati iwiri ya mlatho inali itaima kale, yomangidwa ndi mchenga wa malole oyamba, umene kapitawoyo sanaugwire n'komwe. Ndani amayeza katundu wa apongozi?

"Bambo," anatero, maso ali pansi, "tatambasulani dzanja."

Anawaika chibulumacho m'manja. Apongoziwo anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kumizati kuja. Amisiri anayi anali atakhala m'munsi mwake, akupuma pamthunzi.