Wopanda Nsapato ku Bangwe

Constance atangokhala pampando m'nyumba ya Mayi Mervis ku Bangwe, anadziwa kale kuti wamasiye ndi uti. Ntchitoyi anaizolowera. Chiyambire matipate mabungwe anachuluka m'tauni, maliro nawonso anachuluka, ndipo bungwe la tchalitchi chake linkamutuma kuyendera ana oleredwa ndi achibale, kukaona ngati maganizo awo ali bwino. Akapeza wosokonezeka chifukwa cha nkhanza, ankamusamutsira kunyumba yolerera ana amasiye.

Akomiti ya bungwelo anangomulozera nyumba. Kufunsa dzina sakanafunsa, poti kusemina anamuphunzitsa kuti mawu oti wamasiye satchulidwa mwana akumva. Mayi Mervis nawonso anangoti, "Ana anga ndi awa, Grace ndi Alinane."

Grace anali wolongolola ngati wailesi. Nsapato zofiira, tsitsi loluka bwino, dzira lowiritsa lili m'manja. Alinane, wamsinkhu womwewo, anaima kuseri kwa chitseko wopanda nsapato, akudziluma zikhadabo.

Constance anakhuthula tizitsekero ta mabotolo patebulo. "Tiyeni tisewere. Aliyense andiikire anthu a m'nyumba muno."

Grace anaunjika tambiri pamodzi, nawonjezerapo galu wa aneba ndi kondakitala wa minibasi amene amamupatsa masiwiti. Alinane anaika tiwiri togundana. Kachitatu anakakankha pang'onopang'ono mpaka kanagwa pansi.

"Kagwako ndi ndani?" Constance anafunsa.

"Ndine."

Constance anawatuma anawo kukasewera panja, natembenukira kwa mayiwo. "Alinane amagona bwino?"

"Iii, ameneyo wayambanso kukodza pogona, asisitala. Kusukulu akuti amangokhala duu. Koma Grace yekha ayi, mwamuona nokha. Ine ndimayesetsa, azimayi a pampopi asapeze chondinena. Pano pa Bangwe anthu amaona ndi chimene mwana wadya."

Mtima wa Constance unawawa, kenako unawira. Zoterezi anaziona kambirimbiri: mwana wa m'nyumba amadya dzira, wamasiye amangomva fungo. Ndiye mayiwo anali kudzitamandira nazo!

"Mayi, ndinene mosapsatira. Alinane sali bwino m'maganizo. Mwanayu amadziona ngati mlendo m'nyumba muno, ndipo zimenezi sizinayambe zokha. Ndikakanena kuofesi, adzamutenga."

Mayi Mervis anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala. Ataona kuti mlendoyo sakuseka nawo, kuseka kuja kunathera m'khosi. Anasuzumira pazenera. Grace ankadumpha chingwe, nsapato zofiira zili mbuu ndi fumbi. Alinane anakhala pamwala payekha. Mayiwo anayang'anitsitsa mapazi ong'aluka a Alinane ngati akuwaona koyamba, ndipo manyazi anawagwira.

"Adzamutenga kupita naye kuti, asisitala?" anafunsa chapansipansi. "Wa malemu mng'ono wanga ndi Grace. Alinane ndinabereka ndekha."