Woyankha Foni wa Shawki

Firiji inafika pa ngolo ya bulu, atayifunditsa nsalu yoyera mbali zonse. Shawki sanafunse chifukwa. Masiku amenewo mafiriji onse ankabwera chonchi.

Anali atakonza mafiriji zaka zambiri mu kamsewu ka kuseri kwa msika wa ku Tanta, koma ntchito inkangochepa. Manja ake analibe vuto. Vuto linali nambala. Pachikwangwani chake panali nambala ya foni ya m'manja, ndipo aliyense amadziwa kuti munthu wa foni ya m'manja akhoza kutenga firiji yako lero, mawa n'kumakuyankha ali ku Alexandria. Wokonza mafiriji wa kutsidya kwa msewu waukulu anali ndi foni ya waya. Anthu ankakhamukira kumeneko, ngakhale kuti firiji ikachoka m'manja mwake inkalira ngati chigayo.

Mwini nyumba imene munali shopu yake atayamba kubwera ndi anthu ena kudzawaonetsa malowo, Shawki anachita mantha. Analowetsa foni ya waya kunyumba kwake, popeza mu kamsewuko waya sunadutse, n'kuitana wolemba zikwangwani kuti afufute nambala yakale alembe yatsopano. Woyankha analipo kale: apongozi ake, Hajji Abdelbaset, amene anapuma ntchito ku positi ofesi. Nkhalambayo inkakhala nawo m'nyumba, koma awiriwa sankalankhulana. Chilichonse chinkadzera mwa Nagwa, mkazi wa Shawki.

Sabata isanathe, anthu anayamba kubwera.

Mwini firiji ya pa ngoloyo anali mayi Ihsan, wogulitsa tchizi. Anatsika akupukuta m'maso ndi mpango.

"Inu bambo, woyankha foni uja munamupeza kuti? Ine ndangoti yafa m'mawa uno. Iye akuti pepani mayi, zonse ndi za Mulungu. Wandifunsa zaka. Ndati khumi ndi ziwiri. Iye akuti, mwana ndithu. Ine misozi chuchuchu."

"Ndi apongozi anga," anatero Shawki.

"Muwasunge bwino. Andiuza kuti ndisachedwe ndi kutentha kuno, ingayambe fungo, ndiponso ndiifunditse, anthu asamaione m'njira. Uyo wa kutsidyayo ukamuimbira amangofunsa ngati wayatsa pakhoma. Ngati kuti ndine chitsiru."

Onse ankanena zofanana. Wogulitsa nsomba wina, munthu wosakhulupirira ngakhale sikelo yake yomwe, anafunsa pafoni ngati pali amene anadandaulapo ndi ntchito yawo. Anayankhidwa kuti chiyambire ntchitoyi palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwerera kudzadandaula. Wopha nyama anafunsa ngati kuzizirako kumakhalitsa. Anauzidwa kuti chimene chalowa kumeneko chimazizira mpaka eni ake atabwera kudzatenga. Foniyo inkayankhidwa ngakhale Lachisanu nthawi ya mapemphero. Mbiri inafalikira mumsika monse kuti kwa Shawki firiji amaitenga ngati munthu.

Mwini nyumba anasiya kubwera ndi alendo ake. Wa kutsidya uja anayamba kuyankha foni yake ndi mawu achisoni, koma sankatha, anthu ankangoti wadwala chimfine.

Shawki ankachoka kunyumba nkhalamba isanadzuke, n'kubwerera itagona kale. Akaganiza za iyo, manyazi ankamugwira. Miyezi ingapo m'mbuyomo anali atayamba kunyengerera Nagwa kuti bambo akewo akakhale kwa mwana wawo wamwamuna ku Cairo, akuti mpweya wa kumeneko ungawayanje, chinthu chimene palibe anayamba wanenapo za Cairo. Tsopano munthu yemweyo, amene sanamuyamikepo ngakhale pa tsiku la ukwati, ndiye ankamusungira shopu ndi pakamwa pake. Shawki anawagulira nsapato zachikopa n'kuzibisa pamwamba pa firiji ina, akudikira tsiku loti alimbe mtima akawapatse yekha.

Masana a tsiku limene mayi Ihsan anabwera, Nagwa anafika ndi nyemba ndi buledi. Anachita kudutsa chammbali pakati pa mafiriji ofunda nsalu zoyera.

"Bambo a Hoda, bambo anga andituma."

"Usanene, ndikudziwa," anatero Shawki, akutsitsa nsapato zija. "Izi ndi zawo. Ndipo za ku Cairo zija uziiwale. Sapita kulikonse. Akafuna atenge chipinda chathu, ife tizigona pabalaza."

Nagwa anayang'ana nsapatozo, kenako mwamuna wake.

"Akufunsa kuti foni ija idzalira liti. Amavala mkanjo wosita n'kukhala pambali pake tsiku lonse. Kuchimbudzi amapita chitseko chili chotsekula kuti aimve. Dzulo anandituma kwa aneba kuti ndikaimbe, angoona ngati ili moyo."

Shawki anaika nsapatozo pansi. Anatuluka panja, n'kuyang'ana chikwangwani chake, zilembo zofiira zikuluzikulu zimene anali asanaziwerengepo bwinobwino. Manambala awiri omalizira anali atasinthana malo. Anatulutsa foni ya m'manja n'kuimba nambalayo monga momwe inalembedwera.

Sinachedwe kuyankhidwa.

"Pepani," anatero mawu ofatsa a munthu wamkulu. "Ndani?"

"Apongozi?" anafunsa Shawki.

"Apongozi anu? Mulungu awachitire chifundo. Bwerani nawo, mwana wanga. Kuno kumochale malo osungira mitembo alipo, masiku ano anthu amangoimba koma safika."