Mwala Nambala Seveni

Mayi wa mwana anakhala pa benchi yakumbuyo kwenikweni mu labu ya sukulu, kamwana kali kumsana, maso ali pa katoni ya miyala.

Katoniyo anabwera nayo ndi iyeyo. Amuna ake, aphunzitsi a kemisitiri ndi za miyala, anaiiwala pakhonde m'mawa, tsiku lomwe woyendera sukulu amabwera kudzawaonerera. Ntchito yawo inali isanakhazikike. Woyenderayo, bambo wa tayi amene anakhala pafupi ndi zenera, cholembera chake ndicho chikanena ngati banjali lidye chaka chamawa kapena ayi. Atafika nayo katoniyo, thukuta lili kamukamu, amuna ake anangoti, "Khalani pomwepo, mayi a mwana, muoneko mmene timagwirira ntchito."

Akanadziwa!

Amuna akewo sankaphunzitsa ngati anzawo. Ankati choko chimagonetsa ana. Mutu uliwonse unali ndi chochita chake. Mutu wa asidi unamaliza viniga yense wa m'nyumba. Mutu wa dothi unatenga sefa yake, ndipo mpaka lero sinabwerere. Koma mutu wa miyala ndiwo unawapatsa dzina. Mwala uliwonse ankaukanda ndi msomali, n'kuudonthezera viniga, kenako n'kuunyambita. Ankati lilime limaona zomwe diso laphonya. Ana a sukulu ankangowatcha a Lilime.

M'katonimo munali miyala isanu ndi itatu, uliwonse ndi kapepala ka nambala yake. Wolemekezeka pa yonse unali nambala seveni: wotuwa, wopepuka, wa timabowo thoo. Ankati unachokera kutali, ku phiri lophulika moto, ndipo anawapatsa ndi pulofesa wawo. Ukauponya m'madzi unkayandama. Pamenepo ndi pomwe ana ankawomba m'manja.

Koma m'mawa uja, amuna ake atangotuluka, mayiyo anatembenuka kamodzi kokha kuti akaphule madzi. Kamodzi kokha! Kamwana kanatola nambala seveni, ulendo wa kuchimbudzi. Iye anangomva kuti chubwi. Kuyandama unayandamadi, koma pomwe dzanja la munthu silingafike.

Anathamangira kubafa. Pakhoma panali mwala wa apongozi ake wokwechera mapazi. Mtundu womwewo, timabowo tomwewo. Anautsuka kawiri, n'kumatapo kapepala ka seveni.

Tsopano milandu inali iwiri. Apongoziwo ankakhala nawo nyumba imodzi, ndipo mwalawo ankausamala kuposa mdzukulu. Mwala wawo woyamba utasowa chaka chatha, mlandu unagwera iye. Miyezi itatu yathunthu anali "mkazi wa manja obowoka", ngakhale pamaso pa alendo. Koma za apongozi zinali zamadzulo. Za panopa zinali beseni la madzi lomwe linali patebulo. Mwala wakubafa ukamira, amuna ake amira nawo, bambo wa tayi akuonerera.

Phunziro linayamba. Ana anakhala m'magulu, gulu lililonse ndi msomali wake ndi kabotolo kake. Nambala wani sunakandike. Nambala thuu unachita thovu utalawa viniga, mtsikana wina n'kukuwa ngati waona mzukwa. Nambala folo unali wa mchere, ndipo a Lilime anaunyambita mosangalala ngati switi. Woyendera sukulu sanaseke. Sanalembenso kanthu.

Faifi. Sikisi.

Mayiyo anaganiza zotsina mwana kuti alire, apeze potulukira. Mwanayo, yemwe anayambitsa zonsezi, anali m'tulo tofa nato.

"Tsopano tafika pa mwini filimu," anatero a Lilime, atakweza nambala seveni m'mwamba. Anafotokoza za phiri, za moto, za chiphalaphala chomwe chinauma chikadali ndi thovu. Za pulofesa sanaiwale. Kenako anatulutsa lilime.

Mayiyo anatsinzina. M'maso mwake munabwera zidendene za apongozi, za ming'alu yoti mungabisemo machesi.

Atatsegula maso, amuna ake anali ataima chilili. Anatafuna m'kamwa mopanda kanthu. Anauyang'ana mwalawo. Kenako anamuyang'ana iye, molunjika, kudutsa mitu ya ana makumi asanu.

Basi, ukwati watha, anatero mayiyo mumtima. Ntchito yatha. Ndipo amuna angawa amafunsa mafunso ngati wapolisi.

Mwala unagwera m'beseni. Unalowa pansi, n'kudzukanso, n'kuyamba kuvina pamwamba pa madzi. Kalasi yonse inaphulika. Mayiyo anapuma koyamba chichokereni kunyumba.

Ndiye bambo wa tayi uja anaimirira.

"Aphunzitsi, ndingayeseko nane?"

Anauvuula mwalawo ndi zala ziwiri, n'kuunyambita. Anaganiza pang'ono. Anautembenuza, n'kunyambitanso mbali inayo, yomwe inali yosalala chifukwa chogwira ntchito.

"Phulusa la phirilo likumvekadi," anatero mwaulemu. Anakhala pansi n'kulemba tsamba lathunthu, akumwetulira.

Belu litalira, onse anatuluka. Woyendera sukulu anawagwira chanza amuna ake ndi manja awiri. Mu labu munatsala banja lokhalokha.

Mayiyo anasendera kutebulo. Bola aulule yekha kusiyana n'kufunsidwa.

"Bambo a mwana, ndakulakwirani. Mwala wa pulofesa uja mwana wauponya m'chimbudzi. Mwanyambitawu ndi wa amayi, wakubafa."

Amuna ake sanasiye kulongedza miyala.

"Ndadziwa nditangoulawa, ukadali ndi sopo," anatero. "Koma musadandaule. Woyamba ujanso ndinautenga kubafa komweko. Pulofesa wake ndi amayi omwewo."