Botolo la Panjinga

Mwamuna wake analumbira pamaso pa mpingo kuti wasiya mowa, koma botolo la panjinga yake sankalola kuti munthu alitsuke. M'mawa uno, atangolowa kubafa akuimba nyimbo yotamanda, mkaziyo anapita pakhonde n'kulisolola m'kachitsulo kake. Linali lolemera.

"Ambuye, ngati abwerera ku masanzi awo, ndigwireni mtima," ananong'ona.

Atalitsegula n'kulipendeketsa, pasimenti panagwa timasipanala, zigamba za chubu ndi kaguluu. Komabe anayandikitsa mphuno pakamwa pa botololo.

"Nunkhizani bwinobwino, amayi a ana," anatero mwamunayo ataima pakhomo, thaulo lili paphewa. Sankaseka. "Mulungu anandikhululukira kalekale. Ndatsala ndi inu."