Rube wa Fanizo pa chiwaya cha ku Lizulu

Panali munthu wina ku Lizulu, dzina lake Fanizo. Izi akuti zinachitikadi, amene mumakagula mbatatesi kumeneko mukafunse. Fanizo anabwerako ku Joni chimanjamanja, koma pakamwa pokha panali podzaza.

Mlongo wake, Nomsa, anali ndi benchi mumsika. Ankapanga ndolo, mikanda ndi zibangili ndi timiyala ta pulasitiki, tija tosemedwa mbali zambirimbiri, timene dzuwa likatiwomba timathobwa m'maso. Tina ankamata ndi guluu, tina ankatunga pa ulusi. Mayi ameneyu luso analandira, osanama. Bambo a ana ake anamwalira, ndiye benchi lomwelo ndi limene linkadyetsa ana atatu. Aliyense wogula ankamuuziratu kuti, "Ndi pulasitiki iyi, mayi. Musayike pafupi ndi moto."

Tsiku lina Fanizo anatola kamwala kofiira pabenchipo, nakayang'ana padzuwa.

"Achemwali, mukugona," anatero. "Konkuno ku Ntcheu, kuphiri la Chimwadzulu, kumapezeka miyala yodula ija ya rube. Tofiirati mungonena kuti tachokera kumeneko, basi mwalemera."

"Achimwene, ine ndimagulitsa ntchito ya manja anga. Zabodzazo zisiyeni, mudzandiyika m'mavuto."

Wakutsina khutu ndi mnansi, koma Fanizo makutu anawaiwala ku Joni.

Tsiku la msika, Nomsa ali kalikiliki ndi makasitomala, Fanizo anatapa timiyala tofiira todzaza dzanja. Anasankha topanda mabowo, anapala chonyezimira chakumbuyo, anatipaka dothi la katondo, n'kutimanga pa kansanza. Kenako anawoloka msewu. Paja ku Lizulu ukangowoloka msewu ndiye kuti uli ku Mozambiki. Kumeneko anapeza a Thomas, bambo wa lole ya mbatatesi.

"Bwana, rube uyu," ananong'ona. "Mlongo wanga ndiye ali ndi njira yake. Benchi la ndolo lija n'longophimba anthu m'maso."

A Thomas, dyera litawakwera, anamupatsa matumba khumi a mbatatesi. Fanizo anagulitsa onse dzuwa lisanafike pamutu.

Masana a Thomas anakhala pa chiwaya kudikira tchipisi, ndipo anaonetsa chuma chawocho kwa mnzawo, a Richard, amene anagwirapo ntchito kumigodi. A Richard anaseka mpaka misozi.

"Mwala wotuluka m'dothi uli wosemasema kale? Anausema ndani pansipo, mfuko?"

Anatenga kamodzi n'kukaika m'mphepete mwa chiwaya chotenthacho. Rube uja anafewa ngati chingamu, kenako fungo la jumbo yopsa linangoti guu!

A Thomas analunjika pabenchi la Nomsa, chigulu cha anthu chili pambuyo. Ena anakamugwira Fanizo n'kubwera naye. A tcheyamani a msika, a Chiyembekezo, sanafune zambiri.

"Mayi, mumsika muno akuba sitisunga. Mlongo wanu akuti katunduyu ndi wanu. Benchi lino lichoke lero."

Nomsa anaganiza za kunyumba. Benchilo likachoka, ana adya chiyani?

Fanizo anamuyandikira n'kumunong'oneza. "Achemwali, nenani kuti inunso anakunamizani amene anakugulitsani. Atimvera chisoni tonse awiri. Chonde, ndine wanu."

Anthu inu, pamenepa ambirife tikanagonja. Anali mlongo wake wa bere limodzi, amene Nomsayo ankamubereka kumsana ali mwana. Misozi inatsika, koma Nomsa anayankhula mokweza kuti onse amve.

"A tcheyamani, palibe anandinamiza. Ndinagula pulasitiki ndikudziwa, ndimagulitsa pulasitiki ndikunena. Awa ndi achimwene anga, ndimawakonda, koma timiyalati andibera. Ndinawaletsa, sanamve."

"Mboni yanu ndani?" anafunsa a tcheyamani.

Mayi Tisungane, ogulitsa kabichi, anadutsa pakati pa anthu akuvula ndolo kukhutu.

"Mboni ndine! Izi ndinagula pano, ndipo anandiuza yekha kuti ndi pulasitiki, ine ndisanafunse n'komwe."

"Inenso!" anatero mayi wa tomato. "Mikanda yonse imene tinavina nayo ngoma chaka chatha anapanga ndi yemweyu. Tinawala bwalo lonse, ndipo palibe amene ananamizidwa."

Amayi anangoti unjiunji, wina akuonetsa khutu, wina mkono. Ngakhale ena a tsidya la ku Mozambiki anawoloka kudzaikira umboni. Ine kunena zoona ndimanyadira ndikaganiza za amayi amenewa.

A tcheyamani anavula chipewa. "Mayi, pepani. Benchi lanu likhala pompano. Koma inu a Fanizo, mukathana ndi a Thomas, mumsika muno musadzapondemonso."

Fanizo anatengedwa osacheukira mlongo wake. Nomsa anamuyang'ana mpaka anabisika kuseri kwa malole. Kenako anakhala pansi, anapukuta maso ndi chitenje, n'kutola ulusi. Anayambanso kutunga timiyala, ndipo tsiku limenelo sanaweruke msanga.

Phunziro: Chinthu chotchipa sichichititsa manyazi, chochititsa manyazi ndi bodza. Gulitsani pulasitiki ngati pulasitiki, ndipo dzina lanu labwino lidzakuimirani mboni tsiku la mlandu. Wachibale akakukokerani ku chinyengo, mukaneni ngakhale mtima ukuwawa, paja choipa chitsata mwini. Tumizani nkhaniyi kwa onse amene amadyera luso la manja awo, ndi kwa achimwene aja okonda zachidule.