Kansomba ka M'mbale ya Leisale

Leisale ankathamanga pamatanthwe, nyanja itaphwa, mbale ili m'manja. Mwamuna wake, Vira, ankadzikoka m'mbuyo atagwira dzanja. M'mbalemo munali kansomba kotalika ngati chala, kamawanga ngati mwala, maso ali pamwamba pa mutu. Leisale anakagwira kansombako m'kadziwe komwe Vira anapisamo dzanja asanakuwe.

Ndani pachilumbapo sadziwa nsomba ya mwala, ija ikabaya munthu amalira mpaka kukomoka? Vira yekha, munthu wa kumapiri, wongotola chilichonse chonyezimira. Ngakhale pokuwa paja, chigoba cha nkhono chimene anatolera mkazi wake sanachitaye ayi. Leisale anangochilanda osachiyang'ana, n'kuchiponya pachifuwa m'kati mwa diresi kuti manja agwire mbale. Kwawoko wobayidwa sapita kuchipatala chimanjamanja. Amatenga chomubayacho, namwino achione.

Pamchenga Leisale anapeza mchimwene wake, Kalorib, ali pa bwato lake. Uyu ntchito yake n'kumira, kugwira tinsomba tokongola toweta totumiza ku mzinda wa Port Vila.

"Achimwene, alamu anu akufa! Lizani injini! Kamwana ka nsomba ya mwala aka!"

Kalorib anasuzumira m'mbale, nakagwedeza ndi chala. Kenaka anaphulika kuseka.

"Iwe Leisale, nawenso wasanduka wa kumapiri? Ya mwala kukamwa kwake n'kwakukulu, koloza kumwamba. Taona aka, kakamwa kosongoka ngati ka mbewa, kakukwawa ndi zipsepse. Ogula amakatcha kachinjoka, koma sikangaphe ndi udzudzu womwe. Alamu, bambo wamkulu inu, kukuwa konse kuja chifukwa cha aka?"

Leisale anakhala pansi. Anayamba kuseka, misozi ili mbwembwembwe.

Vira sanaseke.

"Alamu," anatero, lilime likulemera, "milomo yangayi yachita dzanzi."

Kalorib anamugwira dzanja. Pachala panali kabala ngati ka singano. Nkhope ya Kalorib inasintha.

"Munagwiranso chiyani m'madzimo?"

"Chigoba chokha. Chosongoka ngati nguli, cha mawanga oyera."

"Mayo ine! Nkhono imeneyo ili ndi mbola, ndipo mankhwala ake kulibe! Mwachitaya kuti?"

Leisale anayang'ana pachifuwa pake. Pansi pa bere lake lamanzere, chinthu chozizira chinali chitayamba kuyenda.